Wotchi ya Alamu Anga ndi Malo a Bowa

Alamu anga a Dezider amakonza mafoni, koma mafoniwo amadana nawo koopsa. Kashopu kawo kali pafupi ndi pokwerera basi ya ku Košice, pakati pa ogulitsa buledi ndi ometa tsitsi, ndipo akhalamo zaka makumi atatu ndi zisanu. Anayamba ndi mawailesi, kenako makompyuta, pano ndi mafoni okhaokha, osweka magalasi, ogwera mumsuzi, otafunidwa ndi agalu. Ukawapatsira foni amailandira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kuikonza bwinobwino, kenako n'kuyamba kukulalikira. Ulalikiwo sungauthawe, chifukwa foni yako imakhala idakali m'manja mwawo.

"Inu mumaona ngati anyamata a makampani a mafoni aja amakukondani, eti?" amatero, magalasi ali pansonga ya mphuno. "Zonse zaulere, zonse zaulere. Nkhumba ya kwa a Imrich nayo imadya zaulere chaka chonse, mpaka kuikanda pamsana. Mukaifunse mu Disembala, nthawi yopha nkhumba, kuti zikuyenda bwanji."

Chilichonse chokhala ndi kamera amachimata tepi yakuda. Foni ya abambo mfumu inapita kukasinthidwa batire, inabwerako yotseka maso kutsogolo ndi kumbuyo. Munthu wojambula chakudya asanadye amamutcha wodwala. Wojambula ana ake n'kuwaponya pa intaneti amati ndi woti akamangidwe. Koma chimene chimawapweteka kwambiri ndi ife achikulire, amene tinakulira mu boma lakale lija la chipani chimodzi.

"Nthawi imene ija boma likafuna kudziwa za iwe linkachita kulemba ntchito kazitape, kumugulira chikhoti, kumupatsa kope ndi pensulo. Munthu ankaima pamvula chifukwa cha iwe! Lero mukudzinenera nokha kumene muli, chimene mwadya, bondo limene likuwawa, ndiye batire mukugulanso nokha. Asa!"

Poti maganizo awo sangawaike pa intaneti, amawalemba pa taipi yakale n'kumata pepalalo pazenera la shopu Lolemba lililonse. Ndiye anthu odikira basi amalijambula pepalalo n'kulitumiza ku masamba a mchezo, moti a Dezider ndi odziwika mpaka ku Bratislava, likulu la dziko lathu. Atamva zimenezi anakwiya, nalemba pepala lina loletsa anthu kujambula mapepala awo. Limenelo ndiye linafala kuposa onse.

Ine ndine Otilia, mng'ono wake wa malemu Blanka, amene anali mkazi wawo. Ndinagwira ntchito yophika kusukulu ya pulayimale mpaka kupuma, ndipo ndine mmodzi wa odwala amene alamu amawanenawo. Keke ndikaphika ndimajambula, zidzukulu ndimajambula, bondo langa lowawa analiona anthu makumi asanu ndi limodzi. Timakangana za zimenezi Lamlungu lililonse pa chakudya chamasana, ndipo mkanganowo tonse timaukonda. Koma pali mlandu wina pakati pathu umene si wamasewera.

Kwathu kuno munthu angakuuze matenda ake, angakuuze zimene mwamuna wake anachita ku ukwati wa msuweni, koma sangakuuze kumene amazula bowa. Ukafunsa, yankho ndi limodzi: "Kunkhalango." Akatero amamwetulira, iwenso umamwetulira, nkhani yatha. Bambo athu anali ndi malo awo, kumene dubak, bowa uja wa mutu wofiirira ndi mwendo wonenepa, ankamera ngakhale chaka choti ena onse abwerako ndi madengu opanda kanthu. Malowo anaonetsa Blanka yekha. Ine anati ndine wa pakamwa, chifukwa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinauza aphunzitsi kumene bambo ankatchezera kachasu wa zipatso za mapulamu. Ndinali mwana, koma mlanduwo sunakhululukidwe. Bambo anamwalira. Blanka anasunga chinsinsi, ndipo mwamuna wake anamuonetsa atatha zaka khumi ndi chimodzi m'banja. Zaka zinayi zapitazo Blanka nayenso anatisiya, ndiye malo a bambo anga anatsala m'mutu mwa munthu wa ku mzinda wa Prešov amene anachita kudzakwatira kuno.

Zimandiwawa, sindibisa. Mwezi wa Sepitembala uliwonse alamu ankabwera pakhomo panga ndi dengu lodzaza, lovundikira ndi masamba, kuti ndiyanike wa msuzi wa kabichi wa pa Khrisimasi. Ine ndinkalandira, n'kufunsa dala kuti amupeza kuti.

"Kunkhalango, alamu."

"Nkhalango yake ya bambo a ndani?"

"Aaa, nkhalango ndi ya boma."

Chaka chino mtima wawo unayamba kuvuta. Adokotala anati aziyenda pansi tsiku lililonse, ndipo mwana wawo Ivica, amene amagwira ntchito kukampani ya makompyuta ku Bratislava, zimene bambo ake amazitchula ngati akunena za ndende, anabwera ndi wotchi yowerenga mapazi. A Dezider anaiika pa tebulo la ntchito, nayatsa nyale, naitembenuza uku ndi uku pansi pa galasi lokuzira zinthu kwa theka la ola.

"Diso ilibe," anatero pomaliza. "Khutu ilibe. Chabwino, kachinthu kopusa aka ndivala."

Ivica anawalembetsanso m'gulu lathu la pafoni la okalamba oyenda pansi. Tilimo anthu makumi anayi ndi atatu, ndipo aliyense akayenda, foni imaonetsa ena onse kuti tizilimbikitsana. Mwanayo anawafotokozera, ine ndinalipo. Koma nthawi imeneyo iwo anali pakati pa ulaliki wa mafiriji amene amalankhula, ndiye anangoti, "Eya, eya, panga zimenezo," n'kupitiriza za mafiriji.

Mvula inagwa masiku atatu otsatizana, kenako dzuwa linatuluka. Lachiwiri m'mawa a Dezider anachita zimene amachita chaka chilichonse. Njinga anaisiya kumanda kuti anthu aziti akukaona Blanka. Anayenda cha ku chigayo chakale, nabwerera, nawoloka mtsinje poonda, nazungulira phiri cha kumbuyo, uku akucheuka. Palibe munthu anawaona.

Ine ndinali kukhitchini ndikumwa khofi, cha m'ma naini, foni n'kulira. Uthenga wake unali wansangala: "Dezider wayenda makilomita asanu ndi awiri! Muyamikireni!" Pansi pake panali mapu, ndipo pa mapupo panali mzere wofiira. Unayambira kumanda, kupita ku chigayo, kubwerera, kuwoloka mtsinje, kukwera. Ndiye kuseri kwa phiri, pamalo amodzi, mzerewo unapiringizana ngati ulusi woseweretsa mphaka. Munthu woyenda pomvera adokotala sayenda choncho. Amayenda choncho ndi munthu wowerama, wozungulira mitengo, dengu lili pamkono.

Khofi anandizizirira m'kapu. Zaka makumi asanu ndi zitatu ndakhala ndikufuna kudziwa, ndipo apa zinali m'dzanja langa, ndi kamuvi kosonyeza kumpoto. Ndinakulitsa mapuwo ndi zala. Ndinasunganso chithunzi chake, ndisaname. Ndikanatha kuvala nsapato n'kupita ndekha tsiku lomwelo. Koma ndili chikhalire pampandopo ndinazindikira kuti sindinkafuna kuba malo a bambo anga ngati mlendo. Ndinkafuna wina wa m'banja andigwire pamkono n'kunena kuti, Otilia, ndi pano.

Nditayang'ananso, anthu khumi ndi mmodzi anali atadina kale kachala koyamikira. A Imrich, eni nkhumba aja, amene anagwira ntchito yoyeza malo kuboma zaka makumi anayi ndipo mapu amawerenga ngati nyuzipepala, anali atalemba kuti: "Mwayenda bwino kwambiri, a Dezider. Makamaka cha kumapetoko."

Ndinathamangira kushopu ndi masilipasi. Ndinawapeza akuimba kamluzu, akupukuta bowa ndi kaburashi kuseri kwa kauntala.

"Alamu, mwamupeza kuti ameneyu?"

"Kunkhalango, alamu."

"Kuseri kwa phiri, mukawoloka mtsinje poonda, kudzanja lamanzere?"

Kaburashi kanagwa pansi. Ndinawaikira foni patsogolo. Anayang'ana mapu, nayang'ana wotchi pamkono pawo, nayang'ananso mapu. Nkhope inayera.

"Koma ilibe diso," anatero ndi mawu aang'ono.

"Diso la chiyani? Inakwera pamkono panu, mwainyamula nokha mpaka kukafika. Batire munatchajanso nokha usiku."

"Musandiseke, a Otilia."

"Ndikuseka, ndipo ndiseka mpaka Khrisimasi. Zaka zonsezi wa pakamwa ndinali ine!"

Anandilanda foni, nalowa m'gulu lija ndi dzina lawo, ndipo pa mphindi ziwiri mzere uja anaufufuta. Ntchito amaidziwa. Koma atamaliza anakhala pansi osasangalala, naloza pazenera pamene panali pepala lawo la mwezi watha, lonena kuti chimene chalowa mu intaneti sichitulukanso. A Imrich sakanalephera kusunga chithunzi, monga ndinachitira ine.

Nthawi inalipo pang'ono. Aliyense kuno amadziwa kuti malo akazulidwa Lachiwiri, bowa watsopano amadikira masiku anayi, ndiye palibe akanadzivutitsa kukwera phiri Loweruka lisanafike. Alamu anadzuka, maso akuwala.

"Choona sichifufutika, chabwino. Koma chikhoza kukwiririka. Makampani aja amatero tsiku lililonse. Tiwapatsa mizere yambirimbiri mpaka asadziwe woona ndi uti."

"Tiwapatsa? Ndani ndi ndani?"

"Nanga si malowo ndi a bambo anu?"

Apa ndiye anandipeza. Zaka zonsezi nkhalango inali ya boma, lero yasanduka ya bambo anga. Ndinafuna kuwaponyera bowa kumaso, koma ndinavomera.

Lachitatu a Dezider anayenda makilomita khumi ndi anayi. Anapita kudambo la kumwera n'kuzungulira mtengo umodzi kakhumi, akuwerama pabodza, chifukwa ankati mwina wotchiyo imadziwa munthu akawerama. Anapita kuseri kwa dzala la tauni n'kuchitanso chimodzimodzi. Lachinayi miyendo yawo inakana, ndiye wotchi ndinavala ine, ndi bondo langa lomweli, n'kukapiringiza mzere pakati pa minga ya mabulosi. Ndinabwerako miyendo ili magazi okhaokha, ndipo gulu lonse linayamikira a Dezider.

Lachisanu tonse awiri tinali titatheratu. Tinakhala pa benchi kunja kwa shopu, miyendo tatambasula, ndipo maso athu anagwera pa Lapaj, galu wawo wofiira amene sadziwa kukhala pansi. Alamu anavula wotchi, naimangirira pa lamba wa m'khosi mwa galuyo, napita naye m'mphepete mwa nkhalango n'kumumasula.

Patatha maola awiri foni yanga inalira. Anali Ivica, poti bambo ake foni amaisunga m'chitini cha mabisiketi.

"Amayi aang'ono, adadi ali kuti? Ali bwino? Apatseni foni!"

Ndinawapatsa, ndipo mawu a mwanayo ankamveka mpaka kwa ogulitsa buledi.

"Adadi, mwathamanga makilomita khumi ndi asanu ndi atatu pa ola limodzi ndi theka! Mwawoloka mtsinje kanayi! Mwalowa m'munda mwa a Imrich n'kuzungulira khola la nkhumba kasanu ndi kawiri! Mukufuna kufa?"

"Adokotala anati ndiziyenda, mwanawe."

"Anati muziyenda, sanati muzithamangitsa nkhumba za eni!"

Nzeru ija inagwira ntchito ndithu, mbali ina. Mayi Filomena a kwaya anapita kudambo Lachisanu madzulo kukafufuza, nabwerako ndi jombo imodzi. Amuna awiri anakanganirana malo kuseri kwa dzala, pamene sipanamerepo bowa chilengedwere dziko. Koma a Imrich anadutsa pashopu, chipewa chili m'manja, nati mwaulemu: "Mizere ya masiku ano ndi yokongola, a Dezider, makamaka ya Lachisanu. Koma ine ndimakonda ntchito yanu yoyamba ija."

Loweruka kutangocha ndinamva kugogoda. Anali alamu, dengu lili pamkono, pamene pankakhala wotchi pali kamzere koyera.

"Valani nsapato zolimba. Foni isiyeni."

Sindinafunse. Foni ndinaiika m'kabati ya ziwiya, ndipo aka kanali koyamba kuisiya chiigulireni. Tinadutsa kumanda, ndipo ulendo uno anaima pa mtumbira wa Blanka pang'ono. Za ku chigayo sitinavutike nazo. Tinawoloka mtsinje poonda, iwo atandigwira pamkono chifukwa cha bondo, n'kuyamba kukwera.

Tisanafike pamwamba tinayamba kumva mawu a anthu. Tinaima kuseri kwa mitengo n'kusuzumira kumunsi. Panali kachigwa kakang'ono, mitengo ya thundu ikuluikulu itazungulira, dzuwa likulowa mopendekera. Ndipo munali anthu osachepera makumi awiri. A Imrich anali pakati, pepala la mapu lili m'manja, akulozera azilamu awo. Mayi Filomena analipo, ndi jombo zatsopano. Mkazi wina amene sindinamuonepo, wovala zothamangira zowala, ananyamula bowa wamkulu pafupi ndi tsaya lake, dzanja lina atatambasula ndi foni, akumwetulira.

Ndinadikira ulaliki. Ngati linalipo tsiku loyenera ulaliki, linali limeneli. Koma alamu anakhala pa chitsa, dengu pakati pa miyendo, n'kumangoyang'ana pansi.

"A Otilia," anatero. "Blanka ali m'chipatala anandiuza kuti ndikuonetseni malo ano. Anati bambo anu analakwa, nayenso analakwa. Anandilumbiritsa."

Ndinawatembenukira. "Liti?"

"Sabata yomaliza ija."

"Zaka zinayi, alamu?"

"Chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa. Kuno ndi kumene ndinkabwera kudzalankhula naye, ndiye ndinkaopa kuti mukadziwa inu..." Analoza mkazi wojambula uja. "Ndinkati mujambula."

Ndinakwiya kwambiri. Ndikanajambuladi, zimenezo n'zoona, ndipo zinandikwiyitsa kuposa. Misozi inangoyamba kutsika yokha, ya ukali ndi ya Blanka pamodzi.

"Ndinabisira mwini wake zaka zinayi," anatero alamu, "kachinthu kopanda diso n'kudzagawira tauni yonse m'mawa umodzi. Palibe kampani inandibera, alamu. Ndalakwa ndine."

Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linakwera, anthu aja n'kumachoka awiriawiri, madengu atadzaza. Kutakhala zii tinatsika. Pansi ponse panali popondedwa, masamba atatembenuzidwa, timiyendo ta bowa todulidwa tili mbuu paliponse. Wina anasiya botolo la madzi, ndipo alamu analitola n'kuika m'dengu. Kenako anandigwira pamkono.

"Ndi pano," anatero. "Mwala uwo ndi pamene bambo anu ankakhala akamadya buledi ndi nyama yankhumba. Blanka ankati ankayamba ndi mtengo uwo, kenako uwo, n'kumalizira kuseri kwa wakugwawo. Kumeneko anthu safikako, amaona ngati kuli minga yokhayokha."

Anatulutsa m'thumba mpeni wopinda wa chigwiriro chakuda. Ndinauzindikira nthawi yomweyo, chifukwa unali wa bambo, ndipo ndili mwana ankandiletsa kuukhudza. Anandipatsa osayang'ana kumaso kwanga. Ndinagwada kuseri kwa mtengo wakugwa uja, bondo likulira, n'kukankha masamba ndi dzanja. Panali bowa atatu, ang'onoang'ono, olimba, mitu yawo ili yoziziritsa m'manja. Ndinawadula mmene bambo ankadulira, n'kukwirira pamalopo.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Ndinangowauza kuti Lamlungu abwere kudzadya monga mwa masiku onse, koma asayembekeze keke. Titafika pokwerera basi tinapeza a Imrich atakhala pa benchi ya pashopu, dengu lawo lodzaza mpaka pakamwa, osalivundikira n'komwe. Anasuzumira m'dengu langa, naona tibowa titatu ndi botolo lopanda kanthu.

"Iii, mayi Otilia, nanunso mwayamba? Timeneti mwatipeza kuti?"

Ankadziwa, inenso ndinkadziwa kuti akudziwa, ndipo tauni yonse inali ndi mapu m'thumba. Koma funso limeneli ndinalidikira zaka makumi asanu ndi zitatu. Ndinakoka masamba n'kuvundikira dengu langa bwinobwino, mpeni wa bambo uli m'thumba la juzi.

"Kunkhalango," ndinatero.